Chikwangwani cha pa Gombe Chimanena za Madzi a Dzulo

Mwezi wa Disembala ukafika, misewu yoloŵera mu mzinda wa Durban, m'dziko la South Africa, imadzaza ndi mabasi ndi magalimoto a anthu opita kukaona nyanja ya mchere. Ena amachokera ku Johannesburg, ena ku midzi ya kumtunda kwa KwaZulu-Natal, ndipo pakati pawo pamakhala abale athu ambiri a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique amene akugwira ntchito m'dzikolo. Alipo amene amasunga ndalama chaka chathunthu kuti ana awo akaponde mchenga wa ku North Beach tsiku limodzi lokha.

Tiyeni tiyerekeze banja limodzi lotere: bambo, mayi ndi ana atatu. Ayenda usiku wonse, ndipo afika m'maŵa dzuŵa litaŵala bwino. Nyanja iri phee kutaliko, mafunde akugwa oyera ngati ufa, koma pa mchenga paima chikwangwani chonena kuti gombe latsekedwa, munthu asaloŵe m'madzi. Ana ayamba kulira. Bambo ayang'ana madziwo, awanunkhiza, koma saona choipa chiri chonse. Kodi amvere thabwa lolembedwa, kapena amvere maso awo?

Tiyerekezenso tsiku lina. Chikwangwani chikuti gombe ndi lotsegula, koma usiku wathawo mvula yagwa yamphamvu, ndipo mtsinje wapafupi ukuthira madzi ofiirira m'nyanja. Kodi popeza palibe woletsa, ana aloŵe?

Mafunso aŵiri ameneŵa ali ndi yankho limodzi, ndipo kuti tilipeze tiyenera kudziŵa m'mene madzi a pa gombe amapimidwira, ndi chimene chikwangwani chingathe kutiuza ndi chimene sichingathe.

Chimene chinagwa ku Durban

Pa 11 ndi 12 Epulo 2022, ku Durban ndi madera ozungulira kunagwa mvula yamphamvu kwambiri. M'malo ena inapitirira mamilimita 300 m'maola 24 okha. Mapiri anagumuka, milatho inakokoloka, ndipo anthu oposa 400 anamwalira. Maliro atatha ndi misewu itayamba kukonzedwa, tsoka lina linatsalira pansi pa nthaka pamene maso saona.

Mzinda waukulu uli ndi mapaipi aataliatali otenga zonyansa za m'zimbudzi za nyumba zonse. Pamene malo ali otsika pamakhala makina opopa zonyansazo kuti zikwere, mpaka zikafike ku malo oziyeretsera madzi ake asanatayidwe mu mtsinje kapena kutali m'nyanja. Chigumula chija chinathyola mapaipi, chinamiza makina opopera, ndi kuononga malo oyeretsera angapo. Kuyambira pamenepo zonyansa zosayeretsedwa zinayamba kutsikira m'mitsinje monga uMngeni, uMlazi ndi Ohlanga. Makolo athu adati madzi saiŵala khwaŵa. Mitsinje yonseyo imathera m'nyanja, pafupi ndi magombe amene anthu amasambirapo.

Khonsolo ya eThekwini, imene imayang'anira Durban, inatseka magombe. Mu Ogasiti chaka chomwecho nsomba zakufa zinayandama pa mathiriro a uMngeni, pamalo otchedwa Blue Lagoon, ndipo magombe ambiri anatsekedwanso. Nyengo ya Khirisimasi inafika magombe ena akutsegulidwa lero, kutsekedwa patapita masiku, ndi kutsegulidwanso.

Tisaganize kuti vutoli linayamba ndi chigumula. Pali mbendera ya buluu, yotchedwa Blue Flag, imene imaperekedwa kwa magombe a madzi abwino ndi osamalidwa. South Africa ndilo linali dziko loyamba kunja kwa Ulaya kuloŵa m'dongosolo limeneli, mu 2001, koma mu 2008 magombe a Durban anataya mbenderayo chifukwa cha kuipa kwa madzi. Mapaipi okalamba, magetsi othimathima amene amaimitsa makina opopera, mbala zakuba nthambo za makinawo, ndiponso midzi ya zisakasa ya m'mbali mwa mitsinje yosoŵa zimbudzi zokwanira, zonsezi zinalipo kale. Chigumula chinangokulitsa bala lakale.

Kodi opima amafunafuna chiyani?

M'zonyansa za munthu mungathe kukhala tizirombo ta mitundu yambiri: toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kusanza monga norovirus, toyambitsa kamwazi, toyambitsa nthenda ya chiŵindi ya hepatitis A, ndi tina monga Giardia ndi Cryptosporidium. Kufunafuna kachirombo kali konse pakokha kungadye nthaŵi ndi ndalama zambiri. Chotero akatswiri amachita monga mlenje, amene sayamba waona nyama koma mapazi ake.

Mapazi amene amawafuna ndi mitundu iŵiri ya mabakiteriya okhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Woyamba ndi E. coli, amene dzina lake linachokera kwa dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, yemwe anamtulukira mu 1885. Wachiŵiri ndi gulu lotchedwa enterococci. Munthu ali yense wamoyo ali ndi tizirombo timeneti m'mimba mwake miyandamiyanda, ndipo tambiri mwa ito sitidwalitsa. Koma tikapezeka tochuluka m'madzi a m'nyanja, ndiye kuti chimbudzi chaloŵamo posachedwa, ndipo kumene chimbudzi chafika, tizirombo todwalitsa tija tingathe kukhalaponso. M'madzi a mchere E. coli amafa msanga pamene enterococci amapirira nthaŵi yaitaliko, ndipo nchifukwa chake maiko ambiri amadalira kwambiri enterococci popima magombe a nyanja ya mchere.

Tizirombo timeneti ndi tating'ono kotero kuti zikwizikwi za ito sizidetsa madzi ngakhale pang'ono. Kapu ya madzi ingathe kuoneka yoyera mbee koma iri yosayenera kuti mwana aisambe kumaso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo wathu uja sanalakwe poyang'ana madzi. Kungoti funso limeneli maso sangathe kuliyankha.

Tidziŵenso kuti kupima kotere kumayankha funso limodzi lokha, la zonyansa za m'chimbudzi. Mu Julayi 2021, pa nthaŵi ya zipolowe, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi inapsa ku Cornubia, kumpoto kwa Durban. Mankhwalawo anatsikira mu mtsinje wa Ohlanga, napha nsomba zambiri, ndipo magombe a kufupi ndi Umhlanga anatsekedwa miyezi ingapo. Poizoni wotere amafuna kupima kwa mtundu wina.

Ulendo wa botolo limodzi

Ntchito imayamba m'maŵa. Wantchito wa khonsolo amaloŵa m'madzi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno, pamene anthu amasambira, atatenga botolo lophikidwa bwino kuti lisakhale ndi kachirombo kali konse. Amalimiza pansi pang'ono pa madzi, nalitseka, nalembapo dzina la gombe, tsiku ndi ola. Botololo limaikidwa m'bokosi la madzi oundana kuti tizirombo tisachulukane kapena kufa panjira, ndipo liyenera kufika ku labotale m'maola oŵerengeka.

Ku labotale amayeza mamililita 100, ndiko kunena pafupifupi theka la kapu ya tiyi. Njira ina ndi yosefa madziwo pa kapepala ka mabowo aang'ono kwambiri, kamene kamalola madzi kudutsa koma kugwira mabakiteriya. Kapepalako kamaikidwa m'kambale kokhala ndi chakudya cha tizirombo, ndipo kambaleko kamatsekeredwa m'kabati yofunda. Kachirombo kali konse kamoyo kamayamba kugaŵikana, kamodzi kukhala tiŵiri, tiŵiri kukhala tinai, mpaka patsiku lotsatira pamene panali kamodzi pamaoneka kadontho koŵerengeka ndi maso. Njira ina ndi yosakaniza madziwo ndi mankhwala ndi kuwathira m'mbale ya timaenje tambiri. Timaenje tokhala ndi tizirombo timaŵala tikaunikidwa ndi nyale yapadera, ndipo poŵerenga timaenje toŵalato amadziŵa kuchuluka kwake.

Njira zonse ziŵirizi ziri ndi chinthu chimodzi chofanana: ziyenera kudikira kuti tizirombo tikule, ndipo kukulako kumatenga maola 18 mpaka 24. Palibe angakufulumize, monga momwe mai sangafulumizire nkhuku yofungatira mazira.

Malire ali pati?

Mu 2003 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linasonkhanitsa zofufuza za madokotala amene anatsata anthu osambira m'nyanja ndi kuŵerenga amene anadwala pambuyo pake. Linagaŵa madzi m'magulu anai potsata kuchuluka kwa enterococci m'mamililita 100. Akakhala 40 kapena kucheperapo, mwa anthu 100 osambira wodwala m'mimba sakwana ndi mmodzi yemwe. Kuyambira 41 mpaka 200, amadwala ndi munthu 1 mpaka 5. Kuyambira 201 mpaka 500, amadwala ndi 5 mpaka 10. Kupitirira 500, odwala amaposa 10 mwa 100 ali onse.

Maiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lawo latsopano la madzi osambira mu 2006, ndipo malangizo a South Africa a mu 2012 anatenga ziŵerengero zofanana nalo. Gombe limatchedwa labwino koposa ngati enterococci sapitirira 100 ndipo E. coli sapitirira 250, ndipo limatchedwa labwino ngati enterococci sapitirira 200 ndipo E. coli sapitirira 500. Dzina lotere siliperekedwa chifukwa cha botolo limodzi. Amayang'ana mabotolo ambiri otungidwa pa nthaŵi yaitali, ndipo mwa 20 ali onse, pafupifupi 19 ayenera kukhala pansi pa malire. M'miyezi ya mavuto ija, chiŵerengero chimene anthu a ku Durban anachiloŵeza pamtima chinali E. coli 500. Madzi akadumpha pamenepo, gombe linali loyenera kutsekedwa. Mu mtsinje wa uMngeni chiŵerengerocho chinkafika zikwi makumimakumi, nthaŵi zina kuposa pamenepo.

Chifukwa chake chikwangwani chimachedwa

Tsono tiyeni tiŵerenge masiku. Botolo latungidwa Lolemba m'maŵa. Zotsatira zake zituluka Lachiŵiri. Akuluakulu akazilandira ndi kugamula, chikwangwani chimaimikidwa Lachiŵiri madzulo kapena Lachitatu. Anthu onse amene anasambira Lolemba ndi Lachiŵiri anasambira m'madzi oipawo popanda wowachenjeza. Ndiponso pofika Lachitatu mwina mafunde ndi mphepo zachotsa kale zonyansazo, kotero kuti gombe latsekedwa madzi atayamba kukhala bwino. Ndipo si tsiku liri lonse limene madzi amatungidwa. M'malo ambiri ndi kamodzi pa sabata kapena pa masabata aŵiri.

Nyanja siima malo amodzi. Madzi a mtsinje ndi opepuka kuposa a mchere, motero amayandama pamwamba, pomwe pamakhala pakamwa pa wosambira, ndipo mphepo imawakankhira lero kumpoto, maŵa kumwera. Dzuŵa limapha tizirombo tambiri, chotero madzi a m'mamaŵa kapena a tsiku la mitambo angathe kukhala ndi tochuluka kuposa a masana oŵala. Gombe limodzi lingakhale labwino pamene lina, mtunda wongoyenda pansi, liri loipa.

Akatswiri akuyesa kufupikitsa nthaŵi imeneyi. Pali njira yatsopano yotchedwa qPCR, imene siidikira kuti tizirombo tikule koma imafufuza zizindikiro za chibadwa chake, ndipo imapereka yankho m'maola oŵerengeka. Koma ndi yokwera mtengo, ndipo imafuna makina ndi anthu ophunzira. M'mizinda ina, monga Sydney ku Australia, amagwiritsa ntchito makompyuta kulosera za madzi a tsikulo poona mvula imene yagwa. Komweko malangizo ake ndi akuti munthu asasambire kwa tsiku limodzi mvula yamphamvu itagwa pa magombe oyang'ana nyanja yaikulu, ndi kwa masiku atatu m'madoko ndi m'mathiriro a mitsinje. Ku California, m'dziko la America, amalangiza kudikira maola 72.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chikwangwani choletsa chiyenera kumveredwa, chifukwa chaona zimene ife sitingaone, ndipo paipi yothyoka imene inaipitsa madzi dzulo kaŵirikaŵiri imakhala ikutayabe lero. Koma chikwangwani chololeza si lonjezo, chifukwa sichidziŵa zimene zachitika usiku wathawu. Za dzulo tifunse thabwa. Za lero tiyang'ane kumwamba ndi ku mtsinje.

"Ife tinasamba, koma sitinadwale"

Kumayambiriro kwa Disembala 2022, meya wa eThekwini wa nthaŵi imeneyo, a Mxolisi Kaunda, analoŵa m'nyanja pamaso pa atolankhani pofuna kusonyeza alendo kuti magombe otsegulidwa anali abwino. Ambiri a ife timaganiza chimodzimodzi. Mnzathu akatiuza kuti anasamba pa gombe lotsekedwa nabwerako ali bwinobwino, timati chiletsocho nchabodza.

Koma tabwererani ku ziŵerengero zija. Ngakhale m'madzi oipa ndithu, mwa anthu 100 mwina 90 amatuluka osadwala. Munthu mmodzi wamkulu ndi wathanzi kutuluka bwino sikutsimikiza kanthu, madzi akhale abwino kapena oipa. Chiŵerengero chimaonekera pa khamu. Ngati pa tsiku la Chaka Chatsopano asambira anthu 10,000 m'madzi odwalitsa 5 mwa 100, odwala adzakhala 500. Sadzadwalira pa gombe ai. Matendawo amayamba patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, anthu atabalalika kale kupita kwawo, ndipo ali yense adzanamizira nyama imene anadya panjira.

Ndipo 5 amenewo sasankhidwa mofanana. Ana ndiwo ali patsogolo. Amakhalitsa m'madzi, amamira mutu, mafunde amawagwetsa, ndipo amaseka pakamwa pali yasa. Ofufuza a ku America anapeza mu 2006, poyesa anthu m'dziŵe losambiramo, kuti ana amameza madzi oŵirikiza kaŵiri poyerekeza ndi akulu. Thupi la mwana limathanso madzi msanga akatsekula m'mimba. Otsatira ndi okalamba, amai oyembekezera, ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo nchofooka chifukwa cha matenda kapena mankhwala. Kupatula m'mimba, madzi oipa amadwalitsanso makutu, maso ndi pakhosi, ndipo amanyekeza chironda chimene munthu waloŵa nacho.

Amene amalira gombe likatsekedwa

Si ana a alendo okha amene amalira. M'mbali mwa gombe la Durban muli amai ogulitsa mikanda ndi madengu, okoka ngolo za rikisho, ojambula zithunzi, oumba zifanizo ndi mchenga, ndi antchito a m'mahotela ndi m'malo odyera. Ambiri a iwo ndalama ya Disembala ndiyo imalipira sukulu ya ana mu Januwale. Wolamula kuti gombe litsekedwe amadziŵa kuti akuchotsa nsima pakamwa pa anthu ameneŵa, ndipo wolamula kuti litsegulidwe amadziŵa kuti mwina akudwalitsa ana a eni. Khonsolo imene imapima madzi ndi yomweyonso imene iri ndi udindo wokonza mapaipi ndi wokopa alendo. Nchifukwa chake anthu anayamba kukayika ziŵerengero zake.

Bungwe la anthu wamba lotchedwa Adopt-a-River linayamba kutunga madzi palokha ndi kukawapimitsa ku labotale yosakhala ya boma, ya Talbot, nkumalengeza zotsatira zake. Nthaŵi zina zinkasiyana ndi za khonsolo, ndipo panabuka mikangano. Kusiyana kwina kunali kosadabwitsa, popeza mabotolo otungidwa masiku osiyana sangafanane. Mu 2023 mbali ziŵirizi zinayamba kutungira pamodzi, pamalo amodzi ndi nthaŵi imodzi. Chiŵerengero chimene aŵiri achiona ndi cholemera kuposa cha mmodzi.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchiiŵala. Kufikira mu 1989, magombe abwino a Durban anali ndi zikwangwani za mtundu wina, zoletsa munthu wakuda kupondapo, ndipo anali pulezidenti F. W. de Klerk amene analengeza mu Novembala chaka chimenecho kuti magombe atsegulidwe kwa onse. Agogo amene anakula akuthamangitsidwa pa mchengawo sangaone thabwa loletsa popanda mtima kuŵaŵa. Timawamvetsa. Koma thabwa lakale linkayang'ana khungu la munthu, pamene la lero limayang'ana za m'botolo, ndipo limaletsa onse mofanana.

Kwa inu makolo ndi otsogolera achinyamata

Musananyamuke, funsani. Khonsolo ya eThekwini imalengeza magombe otsegula ndi otseka pa intaneti ndi m'manyuzipepala. Musangoona chiŵerengero chokha. Onaninso tsiku limene madziwo anatungidwa, ndipo mudzifunse ngati mvula yagwa kuchokera tsiku limenelo. Mukafika, funsani alonda opulumutsa anthu m'madzi, pakuti iwo amakhala pamenepo tsiku ndi tsiku. Dziŵani kuti mbendera zawo zofiira ndi zachikasu zimasonyeza malo amene akulondera ndi pamene mafunde sakoka anthu. Sizinena za ukhondo wa madzi.

Mvula yamphamvu ikagwa, dikirani tsiku lathunthu, ndipo ngati gombe liri pafupi ndi mtsinje, masiku atatu. Talikirani mathiriro a mitsinje ndi ngalande zotaya madzi a m'misewu ya mu mzinda. Apa ndi pamene amai ambiri achikondi amalakwa. Poopa mafunde, amaika ana aang'ono m'kadziŵe kosaya, kofunda ndi kodekha, ka pamene mtsinje kapena ngalande ikumana ndi mchenga. Malo ooneka otetezeka amenewo ndiwo kaŵirikaŵiri oipitsitsa pa gombe lonse, chifukwa zonyansa zimafikira pamenepo nyanja isanazisungunule. Ife a ku Malaŵi tinazoloŵera kuopa likodzo. Nkhono zofalitsa likodzo sizikhala m'madzi a mchere, koma m'mitsinje ndi m'madambo a KwaZulu-Natal nthendayi iripo, chotero kadziŵe kaja kali ndi zifukwa ziŵiri zokapeŵera.

Madzi akakhala ofiirira, onunkha, kapena akuyandamitsa mapepala a m'chimbudzi ndi nsomba zakufa, simusoŵa labotale. Phunzitsani ana kutseka pakamwa mafunde akamabwera. Wokhala ndi chironda asaloŵe, ndipo amene akutsekula m'mimba asaloŵenso, kuti asapatsire anzake. Mchenga wonyoŵa umasunganso tizirombo, motero manja asambidwe ndi sopo musanatsegule kamba wa paulendo. Potuluka, sambani madzi a pampopi. Ena ali ndi chizoloŵezi chotunga madzi a m'nyanja m'zigubu kuti akamwe kunyumba ngati mankhwala. Amene amwa kapu yathunthu wameza zonse zimene ziri m'madziwo, ndipo mchere wa m'nyanja suupha msanga mavairasi.

Mwana akayamba kutsekula m'mimba pambuyo pa ulendo, mpatseni madzi a ORS pafupipafupi, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mukaona magazi m'chimbudzi, kutentha thupi kwambiri, kusanza kosalekeza, maso oloŵa m'kati kapena kufooka, thamangirani ku chipatala, ndipo muwauze adokotala kumene mwanayo anasambira.

Inu anyamata ndi atsikana, tikudziŵa kuti mnzanu akati ndinu amantha, mtima umafuna kudumpha chingwe. Koma wamkulu akaloŵa, mng'ono wake wa zaka zisanu amatsatira, ndipo amene adzagone m'chipatala ndi mng'onoyo.

Kumene kulibe thabwa

Si gombe liri lonse limene liri ndi wotunga madzi ndi labotale. Pa madoko ambiri a m'nyanja ndi m'mitsinje kumene ana athu amasambira, palibe wolemba chikwangwani. Mliri wa kolera umene unayamba ku Malaŵi mu Marichi 2022, numwalitsa anthu oposa 1,700, unatikumbutsa kuti njira ya chimbudzi kupita m'madzi ndi m'kamwa ndi imodzimodzi kuli konse. Kumene kulibe thabwa, malamulo aja a mvula, a mathiriro ndi a manja ndiwo chikwangwani chathu. Ndipo chimene tataya m'ngalande kuseri kwa nyumba, theŵera la mwana kapena mafuta otseka paipi, chiri pa ulendo wopita kumene mwana wa mnzathu akusambira.

Nanga banja lathu lija lichite chiyani? Bambo apite kwa mlonda wa pa gombe akafunse ngati pali gombe lina lotsegula, kutali ndi mtsinje, ndi kuti madzi ake anapimidwa liti. Likapezeka, ndipo mvula siinagwe, ana asambe mokondwa. Likapanda kupezeka, pali maiŵe osambiramo a madzi othiridwa mankhwala m'mbali mwa gombe lomwelo, pali mchenga wouma woseŵererapo mpira, ndipo zombo zoloŵa pa doko zimaoneka bwino munthu ali pamtunda. Ana adzalira ola limodzi, ndipo adzakwera basi yobwerera kwawo ali amoyo ndi athanzi. Nyanja idzakhalapobe chaka chamaŵa.